Pa msewu wa m'mbali mwa nyanja: ulendo wa ku Salima ndi Nkhotakota

Lolemba, Salima

Ndafika ku Salima dzuwa litapendeka, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala n'kwina. Ulendo weniweni ndi wa ku Nkhotakota kukaona azakhali amene miyendo ikuwavuta, koma ndayamba ndaima kwa msuweni wanga kuno chifukwa pali katundu woti ndiwatengere.

Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, uja umapatuka pa Kanengo. Minibasi yathu inachedwa kudzaza, ndipo titangonyamuka zinaonekeratu kuti adalaivala akufuna kubweza nthawi imene yatayika pa depoti. Tikuyandikira pa Chezi, galimoto yochokera ku Salima inatiphethirira magetsi kawiri. Aliyense woyenda pa misewu yathu amadziwa tanthauzo lake: apolisi apamsewu ali kutsogolo. Pomwepo liwiro linatsika, adalaivala anakoka lamba n'kumanga, kondakitala n'kuuza mnyamata amene anali wachinayi pa mpando wa anthu atatu kuti atsike akwere kabaza, tikamupeza kutsogolo. Tinadutsa pa msika mwaulemu. Amayi ogulitsa tomato ndi anyezi anali kuwoloka uku ndi uku mabeseni ali pamutu, maso ali pa kasitomala, ndipo ulendo uno anawoloka bwino chifukwa galimoto zonse zinali kuyenda modekha.

Titangowapitirira apolisi aja, lamba anamasulidwa, mnyamata uja anakweranso, galimoto n'kuiponda. Kuyambira pamenepo msewu umayamba kutsika mapiri kulowera kuchigwa cha nyanja, ndipo ndi wokhotakhota. Pena ndinamva fungo la mabuleki. Chimene chandikhala mumtima usiku uno ndi amayi a pa Chezi aja. Mawa apolisi akakaima pena, iwo adzakhalabe pomwepo ndi mabeseni awo.

Lachiwiri, Salima ndi Senga Bay

Salima ndi tauni ya njinga. Malo ndi achidikha, ndiye njinga yakapalasa imagwira ntchito imene kwina imagwiridwa ndi galimoto: yanyamula munthu, yanyamula matumba a makala, yanyamula mbuzi yomangidwa pa kaliyala, ina yanyamula malata otalika kuposa njingayo. Pa Kamuzu Road m'mawa uno ndinaima kanthawi kungoonerera. Njinga zakapalasa, njinga zamoto, ma Sienta, malole, ana a sukulu ndi ngolo ya ng'ombe, zonse pa kamsewu kamodzi. Wamkulu amaliza hutala, wamng'ono n'kuthawira m'fumbi. Palibe amene anachita kulemba lamulo limenelo, koma ndi limene aliyense akutsatira.

Ndinakwera njinga yamoto kupita kumsika. Ndinafunsa mnyamata wake kuti, "Achimwene, helimeti yanga ili kuti?" Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ilipo imodzi yomweyi, abwana. Anthu amakana, amati imatentha, ena amati mwavala anthu ambiri." Yakeyo inali pamutu koma lamba wa pachibwano ali lendelende. Ndinamupempha kuti amange, ndipo anamanga osatsutsa. Ali m'njira anandiuza kuti njingayo si yake, mwini wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, ndipo kuyendetsa anaphunzira pa bwalo la mpira kwa mnzake. Sindinamuone ngati munthu wosasamala. Ndi mnyamata amene akufuna kudyetsa banja, koma palibe anamuuzapo kuti helimeti yosamanga imavuka munthu asanafike n'komwe pansi.

Masana tinapita ku Senga Bay ndi msuweni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchoka pa boma. Nyanja inali bata, asodzi akusoka maukonde pansi pa mitengo, usipa uli pa thandala. Tinadya chambo chowotcha ndi nsima. Pobwera tinakumana ndi galimoto ziwiri za anthu ochokera kokasangalala kunyanja, nyimbo zili pamwamba, zikuthamangitsana pakati pa midzi. Msuweni anangoti, "Ukanabwera Loweruka kapena pa Khrisimasi ukanaona." Akuti masiku amenewo amayi a m'mbali mwa msewuwu salola ana kupita okha kumjigo wa tsidya lina.

Lachitatu, Nkhotakota

Lero ndili ndi zambiri, mundipirire.

Tinanyamuka m'mawa, n'kukhotera pa Kaphatenga kulowa msewu wa M5, umene umatsata nyanja kudutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay mpaka ku Mzuzu. Kuchoka ku Salima kufika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110. Amene munayendapo mukudziwa kuti malo ena phula linadyeka m'mbali mpaka msewu kutsala wopapatiza, ndipo pali milatho ina yoti galimoto ziwiri sizingapatukirane. Wofika poyamba ndiye amawoloka, winayo adikire.

Vuto linayamba titadutsa pa Khombedza. Minibasi ina inatipitirira, kondakitala wake atatulutsa mutu pawindo akukuwa, ndipo adalaivala athu zinawapweteka. Kuyambira pamenepo unali mpikisano. Iwo akaima kutsitsa munthu, ife tiwapitirire. Ife tikaima, iwo atipitirire. Munthu wotsika ankachita kukankhidwa ndi mawu, phazi lisanaponde bwino pansi galimoto yanyamuka kale. Ndinali pa mpando wachiwiri kumbuyo kwa adalaivala, ndiye ndinkaona kamuvi ka liwiro. Kanafika pa 110 pamalo pamene chikwangwani chinali kunena 50, ana ovala yunifolomu ali m'mbali, wapanjinga wonyamula chinangwa akugwera m'tchire kutithawa.

Kenaka kutsogolo kunaoneka mlatho wopapatiza, ndipo tsidya linalo kunali kubwera lole. Adalaivala athu anaphethira magetsi, kutanthauza kuti ndine ndayamba. Wa lole nayenso anaphethira. Palibe amene anachotsa phazi. Ndinaona dzanja la mayi amene ndinakhala naye likufinya mutu wa mwana wake pachifuwa. Pomaliza wa lole ndiye anamanga mabuleki, fumbi koboo, ife n'kudutsa pafupi kwambiri moti ndinaona mkanda umene unali kulendewera pa galasi lake.

M'galimoto munali zii. Amene anatsegula pakamwa ndi agogo ena aakazi okhala kumbuyo, atavala mpango woyera. Sanakalipe. Anangoti, "Adalaivala, mwanangu, mwanyamula anthu, simunanyamule matumba a chimanga. Kuthamanga sikufika. Ngati mwatopa nafe titsitseni pompano." Bambo wina wa jekete anayankha kuti, "Agogo, ena tili ndi zochita, musatichedwetse." Apo m'pamene ena tinalowererapo. Ine ndinati, "Bambo, zochitazo mukazichita muli moyo. Adalaivala, chepetsaniko, tapota nanu." Mayi wa mwana uja anavomereza, anyamata awiri a kumbuyo nawonso. Adalaivala sanayankhe kanthu, koma kamuvi kaja kanatsika kufika cha m'ma 80, ndipo minibasi inayo inapita osaonekanso.

Pa Benga tinaima nthawi yotalikirapo kudikira anthu. Ndinatsika kukagula nthochi, n'kuwapeza adalaivala ali pamthunzi akumwa madzi. Ndinawapatsa moni, ndipo nkhani anaiyamba okha. "Akulu, musaone ngati timafuna. Galimotoyi ili ndi mwini wake, madzulo amafuna ndalama yake yokwana, kaya kunali anthu kaya kunalibe. Mafuta ndigule ine. Oyitanira pa siteji iliyonse afuna yawo. Mnzanga uja akandipitirira, anthu onse a kutsogoloku watola ndi iyeyo, ine ndifika ku Nkhotakota ndi mipando." Ndinawamvetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Dongosolo loti dalaivala azidya zotsala akachotsa za abwana limalipira wothamanga n'kulanga wodekha. Eni galimoto amene amakhala kunyumba kudikira ndalama ali ndi gawo lawo pa ngozi zimene timangoti ndi za madalaivala.

Komabe ndinawafunsa ngati anawerengerapo nthawi imene amapulumutsa. Tinawerengera limodzi pa foni. Makilomita 110 pa liwiro la 80 ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 23. Pa liwiro la 100 ndi ola limodzi ndi mphindi 6. Kusiyana kwake sikufika mphindi 20, ndipo pamenepo ndiye kuti simunaime paliponse, zimene minibasi singachite. Pa malo a malonda otalika kilomita imodzi, kuyenda pa 50 kumatenga masekondi 72, pa 100 masekondi 36. Anayang'ana foniyo kanthawi, n'kunena kuti, "Koma anthu amatola ndi woyamba." Apo sindinawatsutse. Masamu anga ndi oona, awonso ndi oona, ndipo awowo ndi amene amagula ufa kunyumba kwawo.

Tinawoloka pa Chia, pamene madzi a thamanda lalikulu lija amalumikizana ndi nyanja. Anyamata anatizungulira ndi nsomba zomanga pa luzi, ndipo kondakitala anagula kampango n'kumupachika kunja pa galasi kuti azipitidwa mphepo. Azakhali ndawapeza ali pakhonde. Akuyenda ndi ndodo koma nkhope ili bwino.

Lachinayi, kwa azakhali

Nyumba ya azakhali ili pafupi kwambiri ndi msewu, moti lole ikamadutsa makapu amalira pa shelefu. Dzulo msewu ndinauonera m'kati mwa galimoto. Lero ndakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango kuuonera kunja, ndipo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kwa ife odutsa, M5 ndi njira yopita kwina. Kwa anthu a pano ndi pakati pa mudzi. Mjigo uli tsidya lino, chigayo chili tsidya ilo. Sukulu ili uko, mzikiti ndi tchalitchi zili kuno. M'mbali mwa phula anthu ayanika mpunga, ena chinangwa chonyika choti akasinje ufa wa kondowole. Mbuzi zimagona pa phula m'mawa. Kamtsikana ka zaka ngati 7, mdzukulu wa oyandikana nawo, kawoloka kangapo konse lero: kukagula mchere, kukatunga madzi, kukaitana mlongo wake. Nthawi iliyonse kamaima, kuyang'ana uku ndi uku monga anakaphunzitsira, kenaka n'kuthamanga. Koma mwana wa msinkhu umenewo sangathe kuyeza kuti galimoto imene akuionera patali ifika liti. Amaona kuti ili kutali, basi.

Galimoto yoyenda pa 50 imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ya pa 100 imadutsa mamita pafupifupi 28. Ndiye kuti dalaivala akaona mwana, asanasunthe n'komwe phazi kupita pa buleki, mtunda wonsewo wapita kale. Akaponda bulekiyo, liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Onjezanipo matayala osalala ndi mchenga umene mphepo imaunjika m'mbali mwa msewu kuno. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga pa 65, kuopsa koti afa kumaposa kanayi poyerekeza ndi pa 50. Madalaivala ambiri akakhala pa 65 amadziona ngati akuyenda pang'onopang'ono. Bungwe lomwelo mu 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo ngozi zimenezi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ndinawerenga zimenezi ndili pa mkeka, kamtsikana kaja kakuwoloka ndi chigubu cha madzi pamutu.

Ndinafunsa azakhali ngati saopa. Anati, "Mwana wa achimwene, tithawire kuti? Msewu unatipeza pano. Ifenso timaufuna, mpunga wathu umapita ndi msewu womwewu, ine kuchipatala ndimapita ndi msewu womwewu. Timangopempha kuti akafika pamudzi azidziwa kuti pali anthu." Anandiuza kuti pakachitika ngozi anthu amakwiya, ena amakumba ngalande kapena kuunjika dothi pa msewu kuti akhale mahampu awoawo. Iwo sagwirizana nazo, chifukwa hampu yopanda chizindikiro usiku imagwetsa wanjinga yamoto amene sanalakwe kanthu. Koma akuti amamvetsa mtima wa kholo limene lafika pochita zimenezo.

Madzulo ndinaona chinthu chimene chinandipatsa maganizo. Kumtunda kwa mudzi kwagwa maliro, ndipo anyamata anaika nthambi zamasamba pa msewu monga mwa mwambo wathu. Galimoto iliyonse imene inafika pamenepo inachepetsa liwiro. Malole, ma Sienta, minibasi, ngakhale galimoto zikuluzikulu za mabwana. Apanjinga anatsika n'kumakankha. Wina anazimitsa wailesi, wina anavula chipewa. Panalibe wapolisi, panalibe makina oyezera liwiro, panalibe chindapusa. Madalaivala omwewa amene chikwangwani cha 50 sachiona, masamba anawaona patali. Ndiye kuti kudekha amakutha, ndipo ulemu ali nawo. Chimene chikundipweteka n'chakuti ulemu umenewu tikuupereka kwa munthu amene wagona kale m'nyumba ya siwa, pamene kamtsikana ka chigubu kaja kali moyo ndipo kamawoloka pomwepo tsiku ndi tsiku.

Lachisanu, Nkhotakota boma

Ndinaperekeza azakhali kuchipatala kukatenga mankhwala. Titamaliza ndinawasiya kwa mnzawo, ine n'kukazungulira pang'ono. Ndinakaona mtengo uja umene mbiri imati David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu ya malonda a akapolo, kumupempha kuti asiye malondawo. Kenaka ndinatsikira kugombe kumene anthu amadikirira sitima ya Ilala. Mpunga ndagula, thumba laling'ono, wonunkhira bwino.

Pa siteji ya galimoto zopita ku Kasungu ndinacheza ndi dalaivala wina wachikulire amene amayenda pa M18, msewu umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Bamboyo anati m'nkhalangomo sathamanga ngakhale atachedwa bwanji, chifukwa sudziwa chimene chili kuseri kwa khona. Ndinamufunsa ngati pamudzi amadziwa chili kuseri kwa lole yoima. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti mwana wake woyamba ali sitandade 2, ndipo amapita kusukulu m'mbali mwa msewu.

Tinachedwa kubwerera, mdima unatipeza m'njira. Usiku msewu uwu ndi woopsa mwa mtundu wina. Njinga zambiri zilibe nyali ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo, anthu avala zakuda, ndipo galimoto zobwera kutsogolo sizitsitsa magetsi. Maso akachita khungu kwa masekondi awiri okha pa liwiro la 100, mwayenda mamita oposa 50 osaona kanthu. Tinapeza lole itafera pa msewu, yopanda nyali ngakhale imodzi, chizindikiro chake ndi nthambi zingapo zoikidwa pafupi kwambiri ndi loleyo. Mnyamata amene anatitenga pa Sienta yake ankayenda pa 60, ndipo anaiona nthawi ilipo. Azakhali anamuuza kuti, "Mwanawe, Mulungu akudalitse, wayendetsa ngati wanyamula amayi ako." Anayankha kuti, "Ndanyamula amayi anga kumene."

Loweruka, Salima

Ndatsanzikana ndi azakhali m'mamawa. Anandipatsira ufa wa kondowole ndi nsomba zouma zoti ndikagawire abale ku Lilongwe.

Pa siteji panali minibasi ziwiri. Oyitanira anandithamangira, wina wagwira thumba, wina wagwira mkono. Ndinawapempha andisiye kaye, n'kuzungulira galimoto zonse ziwiri kuyang'ana matayala. Imodzi tayala lakumbuyo linali losalala mpaka ulusi kuonekera. Ndinakwera inayo, ngakhale inali isanadzaze. Woyitanira wa yoyamba ija anati, "Akulu, iyi ndiye yachangu, muchedwa nayo iyo." Mayi wina amene anali kumbuyo kwanga atamva mawu akuti yachangu anatembenuka n'kunditsatira.

Ndinakhala kutsogolo n'kumanga lamba. Tisananyamuke ndinawauza adalaivala mwaulemu kuti sindili pa changu, ndipo ndikhulupirira kuti enanso sali pa changu. Bambo wina kumbuyo anati, "Mwatiyankhulira." Adalaivala anaseka n'kunena kuti akanakonda anthu akanamanena zimenezi tsiku lililonse, chifukwa mawu amene amamva kawirikawiri ndi akuti tachedwa. Pa mlatho wopapatiza uja tinapeza ngolo ya ng'ombe ili pakati, tinaima mpaka inawoloka. Minibasi ya tayala losalala ija inatipitirira tisanafike pa Benga, ndipo tinakaipezanso pa Thavite ikutsitsa matumba a mpunga.

Ndafika ku Salima nthawi ya nkhomaliro. Msuweni akuti mawa pali mnzake wa kuntchito amene akupita ku Lilongwe pa galimoto yake, anyamuka 6 koloko kuti tikwere mapiri a ku Mvera kusanatenthe. Ndapempha kuti tikaime pa Chezi ndigule tomato wa kunyumba.